Chenjezo kwa amene mukutengera mabuku a zibwenzi zambirimbiri

Ana athu a mu Lilongwe muno, tamverani. Nkhani zimene mukuwerenga pafoni mpaka usiku, za mkazi wokondana ndi amuna awiri kapena mwamuna wa okondedwa atatu, zija amati polyamory, sitikukuletsani kuwerenga. Chimene chatikwiyitsa n'choti mwatolamo chiwerengero chokha, zina zonse mwazisiya m'bukumo.

M'mabuku amenewa aliyense amadziwa za mnzake ndipo amavomera asanayambe. Inu mukuchita zimenezo? Wina ali ku Area 25, wina ku Kawale, foni mwaikhoma, nambala ya mtsikana mwaisunga kuti "Makaniko". Chimenecho ndi chibwenzi chamseri, MG2 yemwe uja, musachiveke dzina lachizungu. Ngakhale mitala ya makolo inkadutsa kwa ankhoswe, mkazi wamkulu ankauzidwa. Ndipo inu amene munamangitsa ukwati kwa DC, lamulo la maukwati la 2015 silikulolani kukwatiranso wina ukwatiwo ulipo.

Koma ngakhale nonse mutagwirizana, pali zimene wolemba nkhani amadumpha chifukwa sizikometsa buku. Munthu akangotenga HIV, milungu yoyambirira tizilombo timachuluka kwambiri m'magazi, ndipo nthawi imeneyo amapatsira ena mosavuta ali wojintcha, osadwala. Choyezera chapachala kapena cham'kamwa chikhoza kusonyeza kuti alibe mpaka miyezi itatu itatha. Ndiye taganizani: wagona ndi uyu Lachiwiri, Loweruka wagona ndi winayo, kachilombo kadutsa anthu atatu zotsatira za aliyense zikunena kuti ali bwino. Apa mpamene zibwenzi za nthawi imodzi zimaopsera. Akuluakulu anati mapanga awiri avumbwitsa.

Ngati mwaumirira moyo umenewu, pitani nonse pamodzi mukayezetse, aliyense aone zotsatira za mnzake ndi maso ake, osati pa WhatsApp. Mubwererenso pakatha miyezi itatu, ndiponso nthawi iliyonse pakalowa munthu watsopano. Ku Bwaila, ku Lighthouse pa Kamuzu Central, ngakhale pachipatala chaching'ono cha boma cha m'dera lanu amayeza ulere. Funsani za PrEP, mankhwala amene munthu wopanda HIV amamwa kuti asatenge kachilomboka. Mapiritsi ake amamwa tsiku lililonse, ndipo dikirani masiku 7 musanawadalire. Kumwa lero n'kuiwala mawa n'kudzinamiza. Kondomu ikaphulika kapena mukagona ndi munthu osadziteteza, thamangirani kuchipatala kukalandira PEP, mankhwala apangozi oteteza ku HIV, maola 72 asanathe, makamaka tsiku lomwelo, ndipo mumwe masiku 28 onse. Ambiri amalekeza pa sabata imodzi poti akumva nseru. Bwererani kuchipatala mukanene, musangosiya.

Kondomu nayonso mukuichitira chibwana. Mumaisunga m'thumba lakumbuyo mwezi wathunthu, mukuikhalira m'minibasi, kenako mukuing'amba ndi mano. Onani deti, tsinani kunsonga kuti mpweya utuluke, ndipo musapake Vaseline kapena mafuta odzola chifukwa amafewetsa mphira n'kuiphulitsa. Ulendo uliwonse yatsopano, munthu aliyense yatsopano.

PrEP sateteza ku chindoko ndi chinzonono. Chilonda cha chindoko sichipweteka ndipo chimauma chokha pakatha milungu ingapo, munthu n'kumati ndachira matenda ali m'magazi, mpaka kudzapha mwana m'mimba. Chinzonono mwa amayi ambiri sichionetsa chizindikiro, chimangotseka njira za mazira mwakachetechete, ndiye mudzayamba kunamizira azakhali kuti anakumangani. Mmodzi akapezeka nacho, nonse mulandire mankhwala nthawi imodzi ndipo mudikire masiku 7 musanagonanenso. Mukasiya mmodzi, matenda azingozungulira pakati panu. Zogula makapisozi awiri pagolosale zija lekani. Matenda satha, amangouma mutu. Atsikana, kachilombo ka HPV koyambitsa khansa ya khomo la chiberekero kamayendanso njira yomweyi, ndipo khansa imeneyi ikutha amayi ambiri m'dziko muno. Kayezetseni khomo la chiberekero.

Tsono mimba. Jakisoni wa miyezi itatu amaletsa mimba yokha, matenda ayi. M'buku mwana akabadwa, akulu atatu aja amamulera mosangalala. Kuno amuna awiri aja onse amazimitsa foni, mtsikana n'kubwerera kwa mayi ake ku Mtandire ndi mwana wopanda womutchula bambo. Anyamata, dziwani kuti lamulo losamalira ana la 2010 limakakamiza bambo kupereka chithandizo kaya munakwatirana kaya ayi, ndipo mayi wa mwanayo akhoza kukusumirani kukhoti. Nkhani ya amene adzagule matewera ndi kulipira fizi muikambirane nonse mutakhala pansi, mimba isanabwere.