Mfuti ya chifefe yotsika mtengo: mmene Malawi, Zambia ndi South Africa amasiyanirana

Munthu wofuna mfuti ya chifefe, kaya yotetezera pakhomo kaya yosakira nkhanga, amayamba n'kufunsa mtengo, koma kuno kum'mwera kwa Africa lamulo la dziko limene akukhala ndi limene limamusankhira mfutiyo thumba lisanayankhule. Malawi, Zambia ndi South Africa onse anasaina pangano la SADC loyang'anira mfuti ndi zipolopolo mumzinda wa Blantyre m'chaka cha 2001, komabe aliyense amayendetsa nkhaniyi m'njira yakeyake, moti mfuti yooneka yotchipa ku Johannesburg ikhoza kukhala mtolo wolemera ku Lilongwe.

Chifefe chofala m'maiko onsewa ndi cha 12 gauge, umene ndi muyeso wa kukula kwa bowo la mpope, ndipo n'chanzeru kusapatukapo, chifukwa zipolopolo za misinkhu ina zimavuta kupeza. Chotchipa kwambiri ndi cha mpope umodzi chothyola pakati, monga Baikal ya ku Russia, chimene chimalowa chipolopolo chimodzi ndipo sichiwonongeka wamba popeza mkati mwake mulibe zitsulo zambiri zoyenda. Pamwamba pake pali zopopa ndi dzanja, monga Maverick 88, Mossberg 500 ndi zambiri za ku Turkey, zimene zimasunga zipolopolo zingapo. Mpope waufupi, wa masentimita pafupifupi 47, umatembenuka msanga m'nyumba, pomwe wautali, wa masentimita 71, umathandiza mlenje kutsatira bwino mbalame ili m'malere. Ambiri amakhulupirira kuti mpope wautali ndi umene umaponya patali, koma chimene chimasonkhanitsa timipira ta mtovu kuti tisamwazike msanga ndi kupanikizika kwa kukamwa kwa mpopewo, ndipo ngakhale kukamwako kukhale kothina chotani, kupitirira mamita 40 nthawi zambiri mlenje amangovulaza mbalame osaipha. Ku America amagulitsa mfuti imodzi pamodzi ndi mipope iwiri yosinthanitsa, ndipo malangizo ambiri a pa intaneti amatamanda njira imeneyi kuti njopulumutsa ndalama.

Malangizowo amagwa akafika ku South Africa. Lamulo la Firearms Control Act la 2000, limene linayamba kugwira ntchito mokwanira mu 2004, limawerenga mpope pawokha ngati mfuti, choncho mpope wachiwiri sungagulidwe ngati sipeya ya galimoto, umafuna chilolezo cha apolisi. Kudula mpope popanda chilolezo cholembedwa kumasandutsa mfutiyo kukhala yoletsedwa. Wopempha chiphaso ayenera kukhala ndi zaka 21, akhale nzika kapena wokhala ndi chilolezo chokhazikika m'dzikomo, aphunzire ndi kulandira satifiketi yosonyeza kuti ngoyenera kugwira mfuti, ndiponso akhale ndi bokosi lachitsulo lovomerezeka lokhomeramo. Izi zikutanthauza kuti abale athu ambiri amene ali ku Joni ndi mapepala osakhalitsa khomo limeneli ndi lotseka kwa iwo, ngakhale umbava utawasowetsa tulo chotani. Chiphaso chodzitetezera chimalola mfuti imodzi yokha, chimatha pakapita zaka 5, ndipo chifefe chake sichiyenera kukhala chodzilowetsa chokha chipolopolo. Cha ulenje wa apo ndi apo chimakhala zaka 10. Zipolopolo siziyenera kupitirira 200 pa mfuti iliyonse. Ndondomekoyi imachedwa ndipo imadya ndalama, koma ubwino wake ngwakuti wogula amadziwiratu chimene chikuloledwa asanalowe m'sitolo, ndipo masitolo, amisiri okonza mfuti ndi malo ophunzirira kuwombera alipo ochuluka.

Ku Zambia nkhani ya chifefe yagona kwambiri pa ulenje. Dzikoli lili ndi malo osungirako nyama 20 ndi madera ena 36 owazungulira kumene kusaka kumaloledwa, monga Lupande kufupi ndi South Luangwa, ndipo nthambi ya boma yoona za nyama zakutchire, imene inalowa m'malo mwa bungwe lakale la ZAWA potsatira lamulo la 2015, imapereka ziphaso zosakira kwa nzika. Pa mfuti yeniyeniyo, apolisi ndiwo amafufuza wopemphayo, kenaka chiphaso chimatuluka kukhonsolo ndipo chimakhala zaka zitatu. Chifukwa choti mlenje wa kumeneko ali ndi kokasaka movomerezeka, mpope wautali umabweza ndalama zake, ndipo chifefe chimodzi chimakwanira nkhanga, nkhwali ndi abakha akutchire pongosintha kukula kwa timipira.

Kwathu ku Malawi tikugwiritsabe ntchito Firearms Act ya 1967, imene imaika mphamvu zambiri m'manja mwa apolisi ndipo imafuna kuti chiphaso chizikonzedwanso chaka ndi chaka. Malo osakako movomerezeka ngochepa. Kusaka mbalame za m'madzi kumadziwika kunyanja ya Chilwa, imene ili m'kaundula wa Ramsar wa madambo ofunika kwambiri pa dziko lonse, ndipo kupatula apo chifefe chimagwira ntchito makamaka m'maesiteti ndi m'minda, kuopseza akuba, anyani ndi nguluwe. Chiphaso cha mfuti si chiphaso chosakira, ndipo chikonzereni lamulo la nyama zakutchire mu 2017, wopha nyama zotetezedwa kwambiri akhoza kukhala kundende mpaka zaka 30. Kuuma mtima kwa apolisi athu n'komveka tikakumbukira mfuti za AK-47 zimene zinasefukira kuno kuchokera ku Mozambique nkhondo ya kumeneko itatha mu 1992, ngakhale kuti kuumako sikunathetse mfuti za gogodera zosula kumudzi, zimene zimaphulikira eni ake m'manja.

Ndikayika njira zitatuzi pasikelo, ya South Africa ndi imene imamveka bwino, ya Zambia ndi imene imagwirizana ndi ntchito yeniyeni ya mfutiyo, ndipo yathu imasiya zambiri ku chiweruzo cha wapolisi amene wagwira fayilo. Kwa Mmalawi wa kumunda, chifefe cha mpope umodzi wautali chimakwanira, chifukwa phokoso lake lokha limachita gawo lalikulu la ntchito. Wa m'tauni wofuna chopopa cha mpope waufupi aganizire kuti timipira tikulutikulu timaboola chitseko chathabwa ndi siling'i, kuseri kwake kuli ana kapena aneba, komanso kuti khoti limafunsa ngati mphamvu imene anagwiritsa ntchito inali yolingana ndi chiopsezo.

Mfuti yogwiritsidwapo kale ndi imene ambiri angaikwanitse, ndipo wogula asuzumire mumpope poyang'anitsa kuwala kuti aone dzimbiri kapena potupa, agwedeze pothyolera kuti amve ngati pali polobodoka, awerenge ngati chipinda cha chipolopolo ndi cha mamilimita 70 kapena 76, ndipo atsimikize kuti nambala ya pamfuti ikufanana ndi ya pachiphaso cha wogulitsa. Amene akuona kuti mitengo ili bwino ku Lusaka kapena ku Johannesburg adziwe kuti chiphaso cha dziko limodzi sichigwira ntchito m'dziko lina, choncho asanafike nayo pachipata cha Mchinji kapena cha Mwanza ayenera kukhala ndi chilolezo chotulutsira mfutiyo kumene waigula, chodutsira m'maiko a panjira, ndi cha apolisi a kuno cholowetsera, ndipo msonkho wa pachipata auwerengeretu pa mtengo wa mfutiyo.