Parachuti yakale si malaya opita nawo kwa telala

Ana anga a m'chigwa chino, kuchokera ku Thabwa mpaka ku Marka, ndilankhule nanu. Sabata yatha ndinapita kumsika kukasoketsa buluku, ndipo pakhonde la telala wina ndinaona chikwama chimene ndinachizindikira ndisanachikhudze n'komwe. Inali parachuti, ya aja amadumpha m'ndege mwamasewera. Ine ndinadumphapo ndili msilikali ku Salima. Zathu zinali zozungulira ngati ambulera, iyi ndi yamakona anayi, koma nayiloni ndi yemweyo ndipo nthaka imene munthu amagwerapo ndi yomweyo. Mtima unandipweteka.

Mwini wake ndi mnyamata amene anabwera nayo kuchokera ku South Africa, akuti anaigula motchipa kwa munthu amene anasiya kudumpha kalekale. Sindimutchula, amayi ake ndimapemphera nawo. Anauza telala kuti amasule malamba a m'ntchafu, awafupikitse n'kusokanso. Kathumba ka kaparachuti kakang'ono kokokera parachuti yaikulu kunja, kamene pazikwama zakale kamakhala pa lamba wa mwendo, akuti kasamukire kunsi kwa chikwama monga anaonera pa YouTube. Zingwe ziwiri zomwe zayamba kuyoyoka wagulira kale zina m'golosale, zija timamangira katundu panjinga. Anzake anali pomwepo ndi mafoni, kujambula, kumutamanda kuti ndi dolo.

Bambo telala, ndiyambe ndi inu, chifukwa ndinu wamkulu. Luso lanu sindikulinyoza, ana athu onse amavala yunifomu yosokedwa ndi manja anu. Koma lamba uja si mpendero wa siketi. Akakhala watsopano, lamba wamkulu wa parachuti amapirira kulemera koposa makilogalamu 2,500, ndipo amasokedwa ndi ulusi wanayiloni wokhuthala, pa makina olemera opangidwira ntchito imeneyo, motsata kasokedwe kamene opanga analamula. Munthu akamagwa m'mwamba amathamanga pafupifupi makilomita 200 pa ola, ndipo parachuti ikatseguka, kugwedeza konseko kumathera pa misoko imeneyi. Ulusi wanu uduka ngati wa kangaude. Ngakhale mukanakhala ndi ulusi woyenera, kusomola msoko wakale ndi lezala kumacheka timinyewa ta lamba, ndipo zimenezo ndi maso simungazione. Ndalama imene wakulonjezaniyo siingakwane ngakhale matabwa a bokosi.

Sindikunena kuti chikwama chakale sichikonzedwa. Chimakonzedwa. Kusamutsa kathumba kaja ndi ntchito yodziwika, ndipo zingwe zimasinthidwa zonse pamodzi zikatha. Koma amachita zimenezo ndi katswiri amene amamutcha rigger, wophunzira ndi wokhala ndi chiphaso, amene amayamba wafunsa opanga chikwamacho ngati akulola. Zingwe za parachuti zili ndi utali woyezedwa, chilichonse ndi muyeso wake. Chimodzi chikatalika kapena kufupika ndi zala zochepa chabe, nsalu imatseguka mokhota n'kuyamba kuzungulira nawe. Nanga chingwe cha panjinga, chotanuka ngati legeni, chichita zotani?

Chimene chinandiopsa koposa ndi mbiri ya chikwamacho chifikireni kuno. Ndinamufunsa mnyamatayo kuti amachisunga kuti. Akuti m'chipinda cha amayi ake, pansi, pafupi ndi batire la sola. Nyumba yamalata, m'chigwa muno, mmene mumadziwira kutentha kwa mu Okutobala ndi Novembala, kopitirira madigiri 40. Namondwe wa Freddy atabwera mu Malichi 2023 madzi analowa m'nyumbamo, chikwama chinagona m'matope, ndipo iye anatulutsa nsalu yaikulu n'kuiyanika pampanda masiku atatu kuti iume bwino. Anandiuza zimenezi monyadira, ngati wosamala.

Mwana wanga, unaipha wekha. Dzuwa ndi mdani wamkulu wa nayiloni, limamudya mphamvu mtundu usanasuluke n'komwe. Asidi wa m'batire akangodonthera pang'ono, malo amenewo amafumbwa mwakachetechete, ukadzakoka amang'ambika ngati pepala lonyowa. Mchenga wa m'madzi osefukira umalowa pakati pa ulusi n'kumapala m'kati nthawi iliyonse nsalu ikapindidwa. Zitsulo zimachita dzimbiri, dzimbirilo n'kumadya lamba pamalo obisika. Sindinatchule makoswe. Kunja chikwama chikuwala ndithu, chikomekome cha nkuyu, koma inu mwaona kuti mosikito neti imene mumatchingira dimba imatha miyezi ingati padzuwa lathu lino isanayambe kuthetheka m'manja.

Tsono pali parachuti yachiwiri, yopulumutsira, imene imakhala pamwamba m'chikwama momwemo. Imeneyo mwini wake saipinda yekha. Amaipinda rigger, n'kumanga kachidindo pa kaulusi kofiira, n'kulemba tsiku pa kakhadi kamene kamakhala m'kathumba. Ku America lamulo limati itsegulidwe, iunikidwe ndi kupindidwanso masiku 180 aliwonse. Ndinasolola kakhadi ka mnyamatayu. Tsiku lomaliza ndi la zaka zoposa 10 zapitazo, ndipo kaulusi kofiira palibe. Ndani anatsegula? Anaonamo chiyani? Iye sakudziwa.

M'katimo mulinso kamakina kotchedwa CYPRES, kopangidwa ku Germany, kamene kanayamba kugulitsidwa mu 1991. Ntchito yake ndi kudula kachingwe kotsekera parachuti yachiwiri ngati munthu wafika pamtunda wa mamita pafupifupi 225 akugwabe mwaliwiro, mwina atakomoka. Kapulumutsa anthu ambiri. Koma opanga anakaikira malire: toyamba tija zaka 12, tatsopano zaka 15 ndi theka, kenako n'kotaya. Kake kanapitirira kale, ndiye akuti apita nako kwa wokonza mafoni akaikemo batire lina. Zoona zimenezi? Foni ikakanika umangoigogoda pachikhatho n'kuyesanso. Kumwamba kuja mwayi woyesanso kulibe.

Inu anzake, amene mukumuuza kuti asadikire kubwerera ku South Africa, akayesere pa mapiri otsikira kuno kuchokera ku Blantyre kuti mujambule za pa Facebook, manyazi akugwireni. Parachuti ya m'ndege inapangidwa kuti izitseguka pang'onopang'ono kuti isathyole munthu msana, ndipo nthawi zambiri imadya mamita 200 kapena kuposerapo isanatambasuke bwino. Pa zitunda zija mulibe phompho lotero. Adzafika pamiyala nsalu ikadali m'thumba. Inu mudzathawa ndi mafoni anuwo, amene adzatole mtembo ndi amalume ake.

Ena andiuza kuti agogo musiyeni, mwana akalirira nyanga ya nsatsi msemere imufotere yekha. Ayi. Nyanga ya nsatsi ikafota mwana amabwera kunyumba akulira, timamutonthoza. Uyu sadzabwera.

Kufuna kudumpha si tchimo. Inenso ndinali mnyamata, ndipo kuona dziko lili pansi pako ndi chinthu chosaiwalika. Ngati mtima wako uli pamenepo, sunga ndalama, upite kumene kuli sukulu yovomerezeka yophunzitsa kudumpha. Kumeneko wophunzira amapatsidwa zida za pasukulupo zounikidwa kale, ndipo chikwama chako ukawaonetsa akuuza okha ngati chili ndi moyo. Ine ndaona kale, ndikuti chilibe.

Bambo telala anandimvera, anabweza chikwamacho osachisoka, ndipo ndikuwathokoza pagulu. Atelala ena a ku Nchalo, ku Ngabu, ku Bangula ndi ku Nsanje, chikafika kwa inu chikaneni chimodzimodzi. Iwe mwana wanga, Loweruka ndibwera kwanu ndi mpeni. Tikakhala pansi ndi amayi ako, tidule malamba ndi zingwe zonse kuti wina asadzazivalenso, nsaluyo amayi akaikhome pamitengo azigulitsirapo tomato pamthunzi.