Mfumu ya ku Yogyakarta ndi ngalande yake

Anthu akamakamba za Hamengkubuwono IX, Sultan wa ku Yogyakarta pa chilumba cha Java, amathamangira kuwerenga maudindo ake: nduna ya zachitetezo, nduna yoyang'anira zachuma, kenako wachiwiri kwa pulezidenti wa Indonesia kuyambira 1973 mpaka 1978. Ine maudindowo sandigwira mtima kwenikweni. Ulemu wanga uli pa ngalande.

Asilikali a Japan atalanda Java mu 1942, ankagwira amuna m'midzi n'kuwatumiza kukagwira thangata kutali, ena mpaka ku Burma, ndipo ambiri sanabwereko. Mfumuyi inali itangolowa ufumu mu 1940, asilikali olimbana ndi Japan inalibe. Ndiye inangowaseweretsa mutu a Japanwo. Inawauza kuti ngati akufuna mpunga wambiri wodyetsa asilikali awo, pakumbidwe ngalande yotenga madzi mu mtsinje wa Progo kukafika ku Opak, mtunda wa makilomita pafupifupi 30, ndipo okumbawo akhale anthu ake omwe. A Japan anavomera. Amuna amene akanakwezedwa sitima anatsala kwawo ndi makasu m'manja. Inde, ntchito inali yakalavulagaga, koma mitembo yawo sinakatayidwe m'nkhalango zachilendo. Ngalandeyo, Selokan Mataram, mpaka lero ikuthirira minda ya mpunga.

Zinazo n'zodziwika. Pa 5 September 1945 inalengeza kuti Yogyakarta ili mbali ya dziko latsopano la Indonesia, ndipo mu January 1946 boma la Sukarno, pulezidenti woyamba wa Indonesia, litathawa kuchoka ku Jakarta, ndiyo inalilandira mumzinda wake.

Pomwe ndimasiyana ndi oitamanda m'pa nkhani ya Suharto, pulezidenti amene mfumuyi inali wachiwiri wake. Amati inaonetsa kulimba mtima pokana kupitiriza udindo mu 1978. Chabwino, koma chifukwa chimene inapereka pagulu n'choti thanzi silili bwino. Munthu amene anapusitsa asilikali a Japan analephera bwanji kutchula katangale ndi nkhanza za boma limene analitumikira kuyambira 1966, pomwe anthu miyandamiyanda anali atangophedwa powaganizira kuti ndi achikomyunizimu? Ena amati ulemu wa Chijava sulola kudzudzula mkulu pamaso pa anthu. Mwina. Koma Suharto analamulirabe zaka zina 20, ndipo mfumuyi inamwalira ku Washington mu 1988 isanamudzudzulepo poyera.