Tiyi wa ku China ndi wa ku Japan m'maso mwa mlendo

Munthu amene wayenda ku China ndi ku Japan sachedwa kuona kuti mayiko awiriwa, ngakhale anangolekana ndi nyanja ndipo amamwa masamba a mtengo umodzi, amalemekeza tiyi m'njira zosiyana kwambiri. Alendo ambiri amabwerera kwawo akunena kuti a ku Japan ndiwo amamusamala koposa, chifukwa anaona mwambo wa kugwada pamkeka ndi kuwerama, pomwe ku China anangoona anthu akumwera m'mafulasiki m'sitima. Ine sindigwirizana nawo, ndipo mbiri ya chakumwachi ili kumbali yanga.

Tiyi waufa wobiriwira amene lero dziko lonse limamudziwa ndi dzina la matcha anachokera ku China. Cha m'ma 760, mu ulamuliro wa Tang, Lu Yu anali atalemba kale buku lonse lofotokoza za kalimidwe, madzi ndi ziwiya za tiyi. Mu ulamuliro wa Song anthu ankapera masamba n'kukhala ufa, kenako n'kuutakasa m'mbale ndi kansungwi mpaka utachita thovu. Kamwedwe kameneka ndi kamene Eisai, wansembe wachibuda, anakapeza ku China n'kubwera nako ku Japan mu 1191. Koma mu 1391 mfumu Hongwu, amene anayambitsa ulamuliro wa Ming, analamula kuti msonkho wa tiyi uzibwera wa masamba omasuka, osati woumbidwa ngati zidina, ndipo pang'onopang'ono a ku China anasiya kupera n'kuyamba kuviika masamba m'madzi otentha. Choncho mlendo akagwada ku Kyoto n'kulandira mbale ya thovu lobiriwira, akulawa kamwedwe kamene eni ake anakasiya zaka zoposa 600 zapitazo, ndipo anansi awo anakasunga n'kukakongoletsa.

Kusiyana koyamba kumamveka pa lilime. Kwa ife amene tinazolowera tiyi wofiira wa ku Thyolo ndi ku Mulanje, wothira mkaka ndi shuga, kapu yoyamba m'mayiko onsewa imadabwitsa chifukwa mulibe chilichonse mwa ziwirizi. Kuti tsamba lisade likathyoledwa, a ku Japan amalifutsa ndi nthunzi, ndipo n'chifukwa chake sencha, tiyi wawo wa tsiku ndi tsiku, amakhala wobiriwira ndithu ndipo amanunkhira ngati udzu wanthete kapena ndere za m'nyanja. Njira yokonzera sencha imene ikutsatidwa lero anaikhazikitsa Nagatani Soen mu 1738 kufupi ndi tawuni ya Uji, kumwera kwa Kyoto. A ku China nthawi zambiri amakazinga. M'midzi ya Longjing, kumapiri ozungulira West Lake ku Hangzhou, mumaona bambo atakhala pambali pa chiwaya chachikulu chotentha akupsinja masamba ndi chikhatho chopanda chophimba mpaka atakhala aphwatalala, ndipo fungo lake limakhala ngati la mtedza wokazinga. Masamba othyoledwa lisanafike tsiku la Qingming, kumayambiriro kwa April, ndiwo amadula kwambiri.

Komabe China si dziko la tiyi mmodzi, ndipo apa ndi pamene mlendo ayenera kudekha. Kumapiri a Wuyi ku Fujian kuli oolong wowambidwa pa makala, ku Yunnan kuli pu'er amene amaumbidwa ngati mbale ya magalamu 357 n'kusungidwa zaka zambiri kuti akome, ndipo chigawo chilichonse chimanyadira tsamba lake. Mukalowa m'sitolo ya tiyi ku Fujian kapena ku Chaozhou, wogulitsa amakukhazikani pansi musanafunse n'komwe mtengo. Amadzaza masamba m'kathipoti kakang'ono, nthawi zina ka dongo la ku Yixing, amatsuka timakapu ndi madzi owira, amataya madzi oyamba, kenako n'kuthira ena amene amangokhalamo kamphindi. Masamba omwewo amaviikidwa kasanu, kasanu ndi kawiri, mwinanso kupitirira, ndipo pa kuthira kulikonse kukoma kumasintha. Nthawi yonseyi anthu akucheza, akutsutsana za phiri limene tsambalo linachokera, foni ikulira, wina akulowa wina akutuluka. Ulemu wonse uli pa tsamba, ndipo luso la wothira limayesedwa ndi zimene zatuluka m'kapu.

Ku Chengdu ndi kumene ndinamvetsa bwino kuti tiyi ndi malo okumanirana. M'nyumba ya tiyi ya Heming, mu People's Park, mipando ndi yansungwi ndipo yangoikidwa panja pansi pa mitengo. Mumalipira kamodzi, amakupatsani gaiwan, kambale kokhala ndi chivindikiro ndi kasosala, ndipo madzi otentha mumawonjezera mpaka mutatopa nokha. Agogo amasewera mahjong, masewera apatebulo a timiyala tolembedwa zizindikiro, ena amaswa nthanga za mpendadzuwa, ndipo ochotsa phula m'makutu amayendayenda akuliza tizitsulo tawo kuitana makasitomala. Palibe amene amakuthamangitsani, ndipo mlendo wosadziwa chinenero amapezamo malo mosavuta. Ku Guangdong nako kuli timiyambo tosavuta kutola: wina akakuthirirani tiyi mumagogoda tebulo ndi zala posonyeza kuthokoza, ndipo madzi akatha mumatsegula chivindikiro cha thipoti kuti operekera aone. Chenjezo limodzi n'lofunika, makamaka m'malo odzaza alendo ku Beijing ndi ku Shanghai: munthu wosamudziwa akakupemphani mwansangala kuti mukaonere limodzi mwambo wa tiyi, kanani mwaulemu, chifukwa ambiri apatsidwa bilu yosaneneka mwa njira imeneyi.

Ku Japan ulemu unapita kwa mlendo, kuchipinda ndi ku ziwiya. Katswiri wa mwambo wa tiyi Sen no Rikyu, amene anabadwa mu 1522 ndipo anadzipha mu 1591 molamulidwa ndi Toyotomi Hideyoshi, wolamulira Japan pa nthawiyo, anachotsa zodzionetsera pa mwambowu mpaka chipinda cha Tai-an, chimene amati anachikonza ndi iye, chinangokhala cha mikeka iwiri. Khomo la zipinda zoterezi ndi laling'ono kwambiri moti munthu amalowa chokwawa, kaya ndi wolemera kaya ndi wamba, ndipo kale asilikali ankasiya malupanga panja. Mabanja atatu ochokera kwa iye, Urasenke, Omotesenke ndi Mushakojisenke, akuphunzitsabe mwambowu ku Kyoto. Mlendo amayamba wadya kachakudya kotsekemera, amapepesa kwa mnzake kuti akumwa iye asanamwe, amanyamula mbale ndi manja awiri, n'kuitembenuza pang'ono kuti asamwere kumaso kwake. Zolankhula zimakhala zochepa moti mumamva madzi akuwira m'ketulo yachitsulo. Ufawo nawo ndi wa ntchito yaikulu: mitengo imaphimbidwa kwa milungu ingapo isanathyoledwe, ndipo mphero yamwala imatulutsa magalamu 30 kapena 40 okha pa ola.

Ndimaulemekeza mwambo umenewu ndi mtima wonse, chifukwa umaphunzitsa kuti kulandira mlendo ndi ntchito yofunika kuikonzekera. Koma woyenda ayenera kudziwa kuti zimene amagula ku Kyoto kawirikawiri ndi chidule cha ola limodzi kapena kucheperapo, cholembetsa pasadakhale, pomwe mwambo wathunthu, wokhala ndi chakudya, umatenga pafupifupi maola anayi ndipo umachitika moitanidwa. Ndiponso anthu ambiri a ku Japan samwa tiyi motero tsiku ndi tsiku. Tiyi wawo weniweni ndi amene amaikidwa patebulo kwaulere m'malo ambiri odyera, hojicha wokazinga wa madzulo, genmaicha wosakaniza ndi mpunga wokazinga, komanso wa m'mabotolo wopanda shuga amene amagulidwa m'makina oima m'mbali mwa misewu. Kampani ya Ito En inayamba kugulitsa tiyi wobiriwira wa m'zitini mu 1985, ndipo lero botolo lotere mumaliona m'chikwama cha wophunzira ngakhalenso pa desiki la bwana. Pakati pa botololo ndi chipinda cha mikeka pali mtunda waukulu, pomwe ku China woyendetsa takisi amene wanyamula botolo lagalasi lodzaza masamba oyandama angathe kukuuzani dera limene masambawo anachokera ndi mtengo umene anagulira, ndipo makina a madzi otentha m'masiteshoni ndi m'sitima anaikidwira anthu onga iyeyo.

N'chifukwa chake ndimati amene akufuna kucheza ndi eni dziko kudzera pa tiyi angapindule kwambiri ku China, ndipo tsiku limodzi ku Chengdu kapena m'midzi ya Longjing lingamukwanire poyambira. Amene akupita ku Japan asathere pa mwambo wa alendo wa mumzinda wa Kyoto, koma akwere sitima kupita ku Uji, ulendo wosakwana ola, kumene msewu wopita ku kachisi wa Byodo-in uli ndi masitolo akale a tiyi, ndipo m'malo ena amamulola kupera yekha masamba pamphero asanamwe.