Nthambi ya ku Portugal mu Assassin's Creed: eni mudzi ali kuti?

Ndamaliza Assassin's Creed Shadows sabata yathayi. Magetsi akanakhala okhulupirika bwenzi nditamaliza kalekale, koma zimenezo tizisiye. Chimene chikundidya mumtima ndi nkhani ya Apwitikizi m'magemu amenewa.

Kwa inu amene simusewera: muli magulu awiri achinsinsi, ma Assassin ndi ma Templar, amene akhala akusakana mobisa kwa zaka mazanamazana, ndipo a Ubisoft, kampani yopanga magemuwa, amalowetsa nkhondo yawoyo m'mbiri yeniyeni ya dziko. Ma Assassin ali ndi nthambi m'mayiko ambiri. Ya ku Italy tinaidziwa ndi Ezio, ya ku France ndi Arno, ya ku London ndi mapasa aja, Jacob ndi Evie. Ya ku Portugal nayonso akuti ilipo, koma ili ngati malume amene mumangomva kuti ali moyo kwinakwake, nkhope yawo simunaionepo.

Mu gemu ya Brotherhood ya 2010, Lisbon, likulu la Portugal, ndi kadontho chabe pamapu. Umatumizako anyamata ako, n'kudikira mphindi zingapo kuti abwerere ndi ndalama. Mu Rogue ya 2014 timaupondadi mzindawo, koma wopitayo ndi Shay Cormac, wotumidwa kuchokera ku America ndi Achilles, mkulu wa ma Assassin a kumeneko. Amalowa kunsi kwa tchalitchi cha Carmo, n'kugwira chinthu chamakedzana chimene sanayenera kuchigwira, mzinda wonse n'kuyamba kugwa. Chivomezicho ndi chenicheni: pa 1 Novembala 1755, tsiku la Oyera Onse, anthu ali m'matchalitchi, kenako madzi a m'nyanja n'kusefukira, moto n'kudzamaliza zotsala. Carmo mpaka lero ilibe denga. Kuthamanga m'misewu ikung'ambika muja ndinakukonda, sindinama. Koma mlendo akubwera kudzagwetsa mudzi wanu, inu eni ake osaoneka ngakhale pamaliro?

Chondiwawa kwambiri n'chakuti mwa mayiko onse a ku Ulaya, Portugal ndi kumene opeka nkhani sakanavutika n'komwe. Ma Templar analikodi m'mbiri, gulu la asilikali achikhristu. Mfumu Philip IV ya ku France inawagwira mu 1307, Papa anathetsa gululo mu 1312, mkulu wawo Jacques de Molay anatenthedwa mu 1314 (amene munasewera Unity munaziona koyambirira kuja). Ku Portugal Mfumu Dinis inachenjera. Katundu wa ma Templar inamusamutsira ku gulu latsopano, Ordem de Cristo, limene Papa analivomereza mu 1319, ndipo pambuyo pake likulu lake linakakhala ku Tomar, m'linga lomwe lija la ma Templar. Njoka inangofundula. Henrique, mwana wa mfumu amene ankatumiza zombo kukafufuza gombe la Africa, anakhala mkulu wa gululi kuyambira 1420. Mtanda wofiira uja mumauona pamatanga a zombo za Apwitikizi m'zithunzi ndi wa gulu lomweli.

Kwathu kuno timati za kudambwe saulula. Chinsinsi timachidziwa. Koma chinsinsi chanji chimene uchijambula pathanga la chombo kuti aliyense achione ali kumtunda?

Apa ndi pamene Shadows yandisiya ndi njala. Yasuke, mmodzi mwa anthu awiri amene umawayendetsa m'gemuyi, anali munthu weniweni: anafika ku Japan mu 1579 ndi wansembe wachi Jesuit, Alessandro Valignano, anakumana ndi Oda Nobunaga, mtsogoleri wankhondo wamphamvu wa kumeneko, mu 1581, ndipo wansembe wina polemba mu 1627 anati ayenera kuti anali wa ku Mozambique. Mwina mnansi wathu ndithu. Ndinasangalala kumugwira pa controller. Koma taonani mmene gemuyi ikuchitira ndi ululu wake: amene anamuzunza ndi ma Templar achipwitikizi, pamwamba pawo pali Nuno Caro. Um'saka, um'peza, um'baya, mtima n'kukhala m'malo.

Ine wanga sunakhale m'malo. Mu Ogasiti 1444, ku Lagos ya ku Portugal, anthu 235 ogwidwa ku Africa anagawidwa pabwalo m'mamawa anthu akuonerera, amayi kwina ana kwina, Henrique ali pa kavalo kudikira gawo lake lachisanu. Panalibe chipinda chamdima, panalibe mawu achinsinsi. Panali mlembi, panali msonkho, panali chilolezo cha mfumu. Mukanena kuti zonsezi zinali chiwembu cha anthu khumi obisala, ndiye kuti amalonda, ansembe ndi akalaliki amene ankawerenga mitu ya anthu ngati matumba a chimanga mwawasambitsa m'manja.

N'chifukwa chake ndikufuna nthambi ya ma Assassin ya ku Portugal ipatsidwe gemu yakeyake. Mu Assassin wa ku Lisbon sangathe vuto lake ndi mpeni umodzi. Mdani wake sakubisala. Mfumu yake Manuel I ndi mkulu wa Ordem de Cristo, bambo ake mwina amakhoma zombo, nsima ya pakhomo pake ikuchokera kunyanja komweko. Abaye ndani? Nkhani yotere ingandikhazike pansi mpaka tambala woyamba.

Ndipo isathere ku Lisbon. Apwitikizi anali atakhazikika ku Sena ndi ku Tete m'zaka za m'ma 1530. Wansembe Gonçalo da Silveira anaphedwa kubwalo la Mwenemutapa mu 1561, atangobatiza kumene mfumu. Mu 1616 Gaspar Bocarro anayenda kuchokera ku Tete mpaka ku Kilwa, kudutsa dziko la Amaravi, n'kukachezera Muzura, mfumu yamphamvu ya m'dzikomo. Muzura yemweyo anathandizana ndi Apwitikizi kugonjetsa Lundu, mfumu ina ya Amaravi, kenako n'kudzawatembenukira. Munthu woteroyo a Ubisoft angamuike mbali iti, ya Assassin kapena ya Templar? Ine ndikuganiza kuti onse awiri akanawadyera, n'kuwaperekeza padoko la Zambezi akumwetulira.