Ana anga, lekani kumwa mabotolo a Ayurveda chiberekero chisanapimidwe

Ndinadikira dala kuti mwana wa mchimwene wanga atuluke kaye m'chipatala ndi kuyambanso kumaliza mbale ya nsima ndisanalembe mawu awa. Ndikanalemba sabata imene tinamunyamula ali lende ija, ndikanangotukwana anthu. Tsopano mtima wakhalako pansi, koma nkhaniyi sindiikwirira, ndipo mwiniwake wandilola kuti ndiinene.

Mwanayu ndi mayi wapabanja, wophunzira, wapantchito m'tauni. Kwa chaka chathunthu msambo wake unkatenga masiku khumi, magazi akutuluka ndi mibulu. Ankavala mapadi awiri nthawi imodzi, n'kumanganso chitenje chakuda pamwamba pa siketi. Kutchalitchi anasiya kukhala kutsogolo. Mimba inayamba kutukuka, anthu n'kumamuseka mwachikondi kuti zabwino zili m'njira, iye n'kumangomwetulira. Kenako pagulu la WhatsApp la banki m'khonde wina anaponya chithunzi cha botolo lokhala ndi masamba obiriwira, pansi pake atalemba kuti ndi mankhwala a Ayurveda ochokera ku India, amasungunula ma fibroid, zotupa za m'chiberekero, m'miyezi itatu popanda opareshoni. Anatumiza ndalama pafoni, botolo linabwera pa kabaza. Wogulitsayo sanamuone ndi maso ngakhale tsiku limodzi. Anangomvetsera voice note imodzi n'kugamula matenda.

Magazi atachuluka kuposa kale, mwanayu anamufunsa. Yankho lake ndinaliwerenga ndekha pafoni yake: “Musaope, ndi zoipa zikutuluka, pitirizani kumwa.” Anapitiriza miyezi inayi, mpaka m'mawa wina anagwa m'bafa. Nditafika ndinamukoka chikope cham'munsi, m'kati mwake munali mbee ngati ufa woyera. Zikhatho chimodzimodzi. M'chikwama mwake ndinapeza timapepala ta dothi limene ankadya mobisa, ndipo ndinamufunsa kuti, iwe, dothi ili unayamba liti? Anati, “Azakhali, ndimangolilakalaka, ndimaona ngati n'zachibwana chabe.” Thupi linkalira kuti magazi atha, iye osamva. Kuchipatala anapeza kuti magazi ake ali pa 5, pamene mayi wathanzi amayenera kukhala pa 12 kupita m'mwamba. Anamuwonjezera magazi, ndipo sikani inaonetsa zotupa zitatu zili phee m'malo mwake, palibe chimene chinasungunuka.

Botolo lija ndinalitembenuza mbali zonse. Panalibe dzina la fakitale, panalibe mndandanda wa zimene zili m'kati, panalibe tsiku lothera mphamvu. Panali nambala yafoni basi. Mwana wophunzira, amene sangagule mkaka wa mwana osayang'ana deti, anamwa chinthu chimenecho miyezi inayi.

Musandimve molakwa, sindikunyoza nzeru za Amwenye. Ayurveda ndi njira yakalekale yochizira ya ku India, ili ndi mabuku ake ndi masukulu ake. Boma la India linakhazikitsa unduna wa AYUSH mu 2014 kuti uziyang'anira zimenezi, ndipo amene akufuna kukhala sing'anga wovomerezeka wa Ayurveda kumeneko amaphunzira zaka zisanu ndi theka kuti apeze digiri yotchedwa BAMS. Iwo amaphunzitsa kuti thupi limayendetsedwa ndi mphamvu zitatu, vata, pitta ndi kapha. Ululu wa msambo amautcha kashtartava ndipo amati umabwera vata ikasokonekera, pamene zotupa amaziika m'gulu la granthi kapena arbuda. Pa mavuto a amayi amakonda kupereka makungwa a mtengo wa ashoka, mizu ya shatavari, lodhra, ndi mibulu yotchedwa kanchanar guggulu. Koma sing'anga weniweni wa kumeneko amamuona wodwala, amamugwira, amamufunsa zimene amadya ndi mmene amagonera. Ngakhale buku lawo lakale la Sushruta Samhita limadziwika kwambiri chifukwa chofotokoza za maopareshoni, kuphatikizapo kudula zotupa. Eni ake a nzeruyi anavomereza kalekale kuti pali chotupa chimene chimafuna mpeni. Nanga mnyamata wa pa Facebook amene akulumbira kuti inu simudzaonana ndi mpeni, nzeru zakezo wazitenga kuti?

Ndipo chilungamo chake n'chakuti palibe kafukufuku wamkulu ndi wodalirika amene wasonyeza kuti mankhwala amenewa amachotsa ma fibroid. Amene akukulonjezani miyezi itatu akukulonjezani chimene alibe.

Pali chinthu china chimene ogulitsa sadzakuuzani. M'Ayurveda muli nthambi yotchedwa rasa shastra, imene imasakaniza dala zitsamba ndi zitsulo zootchedwa mpaka kukhala phulusa, limene amalitcha bhasma. Eni ake amati akazitsuka ndi kuziotcha mwa njira yawo zimasiya kuvulaza, koma zoyeza m'malabotale zanena zina. Mu 2004 ofufuza a ku Boston, ku America, analengeza kuti anagula mitundu 70 ya mankhwala a Ayurveda m'masitolo a m'dera lawo, ndipo mitundu 14 inapezeka ndi mtovu, mercury kapena arsenic. Mu 2008 analengeza kuti anayezanso mitundu 193 yogulidwa pa intaneti, ndipo pafupifupi umodzi mwa isanu iliyonse unali ndi zitsulo zomwezo, opangidwa ku India ndi opangidwa ku America omwe. Mu 2012 akuluakulu azaumoyo ku America analengeza za amayi oyembekezera 6 a mumzinda wa New York amene anapezeka ndi mtovu wochuluka m'magazi atamwa mankhwala otere. Mtovu umawononga impso ndi ubongo, umachepetsanso magazi, ndipo kwa mayi woyembekezera umadutsa n'kukafika kwa mwana ali m'mimba. Taganizani tsono, mayi amene magazi akutha kale ndi msambo, n'kumamwanso chinthu chimene chingathe kuwachepetsa. Ndipo ambiri mwa inu amene mukuthamangira mabotolowa ndi omwe mukufuna mwana usiku ndi usana.

Ngakhale amene alibe zitsulo si madzi a pachitsime. Ashokarishta, amene amayi ambiri amagula chifukwa cha msambo, amachita kufulula ndipo amakhala ndi mowa m'kati. Mawu akuti “zachilengedwe” asakugonekeni tulo. Kodi bowa wakupha uja samera yekha kutchire? Ndipo inu amene muli pa ma ARV, pa mankhwala a shuga kapena a BP, mukuthira m'thupi chinthu chosadziwika pamwamba pa mankhwala amene akusunga moyo wanu, adokotala anu osadziwa kanthu. Kumeneko ndi kusewera ndi moyo.

Tsopano mvetserani za chotupacho. Fibroid ndi mnofu wa chiberekero chomwecho umene wakula n'kuundana ngati mpira. Si khansa, si zolodzedwa, si chilango cha kulera kapena cha kuchedwa kukwatiwa. Ife akazi akuda timakhala nazo kwambiri, ndipo zimatiyamba tikadali aang'ono. Kafukufuku wina wa ku America wa 2003 anapeza kuti pofika zaka 50, akazi akuda oposa 80 pa 100 alionse amakhala atakhalapo nazo. Ambiri sadziwa n'komwe chifukwa siziwavuta, ndipo zotere madokotala amangoziyang'anira. Zimakula ndi mahomoni a msambo, n'chifukwa chake mayi akasiya kusamba nthawi zambiri zimafota zokha. Apa mpamene ogulitsa amakololera pamene sanalime. Mayi wa zaka 49 akamwa botolo, msambo n'kutha wokha monga mwa msinkhu wake, umboni wake umazungulira magulu onse, mtsikana wa zaka 30 n'kukhulupirira kuti nayenso zimuyendera choncho.

Ndikudziwa chimene chimakuthawitsani kuchipatala. Mumaopa kuti akakuchotsani chiberekero, banja n'kutha. Mantha amenewo ndimawamva, sindikuwapeputsa. Koma si chotupa chilichonse chimene chimathera kutheyeta. Pali mapiritsi ochepetsa kutaya magazi monga tranexamic acid, pali mapiritsi owonjezera magazi, pali njira za mahomoni kuphatikizapo lupu ya mahomoni imene imachepetsa msambo. Ngati opareshoni yafunika, ilipo yochotsa zotupa zokha n'kusiya chiberekero, ndipo amayi ambiri amabereka pambuyo pake. Chimene chimatseka njira zimenezi ndi kuchedwa. Ukafika zotupa zitakula ngati mimba ya miyezi isanu ndi umodzi, magazi ali pa 4, adokotala amayamba kuganiza zopulumutsa moyo, zosankha zako zimakhala zachepa. Botolo limene munagula pothawa mpeni ndi lomwelo likukukankhirani kumpeni waukulu.

Chimene chimandisowetsa tulo kwambiri n'chakuti ena mwa inu mukumwera fibroid imene mulibe. Mwangomva kwa mnzanu kuti zizindikiro zikufanana. Malawi ali m'gulu la mayiko amene khansa ya khomo la chiberekero ikupha amayi ambiri padziko lonse, ndipo imayamba ndi zomwezi: magazi pakati pa mwezi, magazi mukakhala malo amodzi ndi abambo, chikazi chonunkha, magazi obweranso mutasiya kale kusamba. Kuyeza kwake n'kwa mphindi zochepa ndipo m'zipatala za boma salipiritsa. Ikapezeka msanga imachizika. Miyezi inayi ya botolo ndi miyezi inayi imene mwaipatsa kuti imere mizu. Palinso mimba yokhala m'njira ya mazira, imene imabwera ndi ululu wa mbali imodzi ndi timagazi, ndipo ikaphulika ingathe kupha tsiku lomwelo. Zonsezi voice note singazisiyanitse. Safunsa anadya phula, ana anga.

Za cham'mimba cha msambo ndinene mwachidule. Ululu wamba wa tsiku loyamba ndi lachiwiri umabwera chifukwa chiberekero chikudzifinya, ndipo apa zina mwa zimene a Ayurveda amalangiza n'zothandizadi, monga kuthowa pamimba ndi botolo la madzi ofunda, kupuma, ndi jinja, amene ofufuza apeza kuti amachepetsako ululu akamwedwa m'masiku oyamba a msambo. Jinja mumamudziwa, mumamugula pamsika, mumamuona ndi maso. Ibuprofen nayenso amathandiza akamwedwa ululu ukangoyamba, mutadya, ngati mulibe zilonda zam'mimba. Koma ululu wogwetsa mwana pansi mwezi ndi mwezi, womusanzitsa, womujombetsa kusukulu, wokulirakulira chaka ndi chaka, umenewo ukufuna chipatala, chifukwa ungakhale endometriosis, nthenda imene minofu yonga ya m'kati mwa chiberekero imamera kunja kwake, kapena matenda ena a m'chiuno.

Apa ndidzudzule anzanga a msinkhu wanga, amayi ndi anankungwi. Ndife amene tinaphunzitsa ana athu kuti za kumwezi sizinenedwa, kuti mkazi amapirira, kuti ukadzabereka zidzatha. Mwana wa mchimwene wanga anabisa chaka chonse chifukwa tinamulera kuti nsalu ya msambo isaonedwe ndi munthu. Ulemu umenewo ndi wabwino, koma tinaiwala kumuuza kuti padi ikamadzaza pa ola limodzi, msambo ukamapitirira masiku asanu ndi awiri, mtima ukamagunda pokwera kachitunda kakang'ono, aziyankhula. Mlandu umenewo ndi wathu, ndipo ine ndaulandira.

Inunso abambo. Mkamwini wathu ankagona chipinda chimodzi ndi mkazi amene ankadzuka katatu usiku kukasintha, ndipo ndalama za mabotolo ena anapereka ndi iyeyo. Nditamufunsa anati, “Amayi, ndimaona ngati ndi nkhani za azimayi.” Mkazi wako akuyera maso pamaso pako, iwe n'kumati ndi za azimayi? Ndalama munawononga pa mabotolo anayi zikanakwana sikani ndi thiransipoti, n'kutsalako.

Ndipo iwe amene ukugulitsa, mwina nawenso unangolowetsedwa m'bizinesi ndi mnzako, ukufuna ya sopo ndi fizi ya ana. Koma tsiku limene unalembera mayi wotaya magazi kuti apitirize kumwa, unadziika pampando wa dokotala, ndipo akanafera m'bafa muja sukanabwera ngakhale kumaliro. Ku Malawi kuli bungwe la PMRA loyang'anira mankhwala, ku Zambia kuli ZAMRA. Ngati katundu wako ndi woona, n'chifukwa chiyani alibe dzina la wopanga? Inu a ku Joni ndi ku UK amene mumatumizira abale anu mabotolo otere m'katundu, mtima wanu ndi wabwino, koma tumizani ndalama ya sikani.

Amene mwatsimikiza mtima kuti mukufunabe kuyesa za Ayurveda, sindingakugwireni dzanja. Koma yambani mwajambulitsa, muyezetse magazi ndi khomo la chiberekero, mudziwe dzina la matenda anu. Botololo likhale ndi dzina la fakitale ndi zonse zili m'kati zitalembedwa, ndipo mukaona mawu akuti bhasma kapena rasa, lisiyeni. Mulitenge mukawaonetse adokotala kapena a ku famase, ndipo musasiye mankhwala amene anakupatsani. Ngati muli oyembekezera, mukuyamwitsa, kapena mukufuna mimba, musalikhudze n'komwe.

Mwana uja tsopano akumwa mapiritsi a magazi, milomo yayambanso kufiira, ndipo dothi analeka yekha. Adokotala anena kuti magazi akakwera bwino adzachotsa zotupazo n'kusiya chiberekero. Dzulo wandionetsa foni yake. Pagulu lomwe lija chithunzi cha botolo chaponyedwanso, ndipo amayi atatu afunsa kale mtengo. Mmodzi mwa iwo ndimamudziwa, ndinamunyamulapo ali khanda, ndipo mawa m'mawa ndikupita kwawo.