Chenjezo kwa anyamata owedza rockfish ku California

Ana anga, makamaka inu amene mwayamba kumalowa ndi maboti m'nyanja yamchere kuno ku California, tamverani. Zimene ndikuonazi sizikundisangalatsa olo pang'ono. Mukangogula laisensi basi nyanja yonse yasanduka ya atate anu, mbedza mukungoponya paliponse osafunsa n'komwe kuti pamene mwaimapo mpozama bwanji.

Kuno kuzama amawerenga ndi ma fathom, fathom imodzi ndi mapazi 6, ndiye akati 50 fathoms akutanthauza mapazi 300, mamita ngati 91. Malamulo anaika mzere pa 50 fathoms, miyezi ina amalola kuwedza mkati mwa mzerewo, mbali ya kugombe, miyezi ina kunja kokha, ndipo zimatengera chigawo, za ku San Diego si za ku Eureka ayi. Zimasinthanso nyengo ili mkati, paja mu 2023 anatseka kufupi ndi gombe chakumpotoku chifukwa quillback, mtundu wina wa rockfish, zinachepa. Ndiye zoti mnzanga anandiuza chaka chatha, zisiyeni, onani kaye zimene a California Department of Fish and Wildlife alengeza musananyamuke.

China chomwe simumva n'choti mzere wa 50 fathoms uja suli pa kamakina kanu koyezera kuzama, ndi mapointi a GPS olembedwa m'malamulo, kamakina kakhoza kukuonetsani mapazi abwinobwino inu mutaudumpha kale mzerewo.

Koma chimene chimandiwawa mtima si chindapusa. Nsomba ya pansi penipeni ukaikoka mofulumira, mpweya wa m'kathumba kake umafufuma, maso kutong'oka, chifu kutulukira m'kamwa, ndiye inu mumati iyi njoletsedwa nkuiponyanso m'madzi ngati mwaichitira chifundo, chonsecho siingathenso kumira, imangoyandama mpaka mbalame zitaijompha. Yelloweye, rockfish yofiira ya maso achikasu ija, imatha kukhala zaka zoposa 100 ndipo imachedwa kuyamba kuswana, mu 2002 boma linalengeza kuti yatha mopyola muyeso. Tangoganizani, nsomba yakale kuposa agogo anu kufa chifukwa munthu wachita ulesi kuyang'ana GPS, zoona zimenezo?

Descending device, kachitsulo kolemera kobwezera nsomba pansi kaja, kazikhala kokonzeka pa ndodo yakeyake, osati m'chikwama pansi pa mabotolo. Ikakodwa yoletsedwa ibwezeni msanga kozama komwe yachokera, za zithunzi za pa Facebook iwalani, ndipo zikayamba kukodwa motsatizana kwezani zingwe musamuke pamalopo.